Kukhuta Nsima Koma Magazi Ochepa: Zimene Zimachitika M'thupi la Mayi

Pa tsiku la sikelo ya amayi apakati, kaya ndi ku kiliniki ya Kapata mumzinda wa Chipata kapena ku kachipatala ka kumudzi ku Chadiza ndi ku Vubwi, pali mawu amene anamwino amawabwereza kawirikawiri: "Amayi, magazi anu ndi ochepa." Ambiri amabwerera kunyumba mawuwo asanawalowe bwino. Wina amadzifunsa kuti magaziwo athera kuti, popeza sanavulale ndipo sanadwale n'kugona. Wina, makamaka amene ali ndi thupi, amakana kuti sangakhale wosowa zakudya m'thupi pamene nsima amadya masana ndi madzulo.

Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaika nkhani ya chakudya pakamwa pa aliyense, koma zokamba zambiri zinathera pa matumba a chimanga ndi mtengo wa ufa. Vuto la magazi lilipo ngakhale m'chaka cha zokolola zambiri. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anapeza kuti amayi 31 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi magazi ochepa, ndipo chiwerengerochi chikufanana ndi cha dziko lonse lapansi, chimene bungwe la zaumoyo la WHO limati ndi pafupifupi amayi atatu mwa khumi alionse.

Chimene chimachepa kwenikweni

Mawu akuti "magazi achepa" amasocheretsa pang'ono, chifukwa amapereka chithunzi cha mtsuko umene madzi ake atsika. Nthawi zambiri madzi a magazi amakhala okwanira ndithu. Chimene chimachepa ndi zonyamula mpweya zimene zimayandama m'magaziwo.

M'magazi muli timaselo tofiira tambirimbiri, ndipo m'kati mwa kaselo kalikonse muli chinthu chotchedwa himogulobini, chimene chimafiiritsa magazi ndiponso chimagwira okosijeni, mpweya uja umene thupi limaufuna kuti lisandutse chakudya kukhala mphamvu. Anthu a ku Chipata amadziwa ntchito ya njinga zonyamula katundu: msewu ungakhale wabwino, katundu angakhale wambiri ku msika, koma njinga zikachepa kapena zikakhala zopanda kaliyala, katunduyo safika kumene akufunika. Timaselo tofiira ndiye njingazo, himogulobini ndiye kaliyala, ndipo okosijeni ndiye katundu wochoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku minofu ndi kwa mwana amene ali m'mimba.

Namwino akabaya chala n'kuika dontho la magazi m'kamakina, nambala imene imatuluka ndi ya himogulobini. Kwa mayi amene alibe pakati, nambala yochepera 12 imasonyeza kuti magazi ndi ochepa. Kwa woyembekezera malire ake ndi pafupifupi 11, ndipo ikatsika kupitirira 7 moyo uli pachiswe, mwina pamafunika kumuika magazi. Njinga zikachepa, zotsalazo zimakakamizika kuyenda maulendo ambiri, n'chifukwa chake mtima umathamanga, munthu amachita befu akangokwera kaphiri kapena kusenza ndowa, amamva chizungulire akadzuka, mutu umawawa, ndipo zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope zimayera. Choipa chake n'chakuti zonsezi zimabwera pang'onopang'ono, kotero mayi amazolowera kutopa n'kumayesa kuti ndi mmene moyo wa munthu wamkazi umakhalira.

Nkhokwe ya ayironi

Himogulobini sapangika popanda ayironi. Ameneyu ndi mchere wa chitsulo, wofanana ndi chitsulo cha khasu, koma wopezeka m'zakudya mochepa kwambiri moti maso sangauone. Thupi lonse la munthu wamkulu limakhala ndi magalamu atatu kapena anayi okha, ndipo gawo lalikulu lili m'magazi momwemo. Kaselo kofiira kamakhala masiku pafupifupi 120, kenako kamaphwanyidwa, ndipo thupi, posafuna kuwononga, limatola ayironi wake n'kupangira kaselo katsopano m'kati mwa mafupa. Munthu amene sakutaya magazi amangofunika kubwezeretsa pang'ono pa tsiku.

Wotsala amasungidwa, makamaka m'chiwindi, monga mmene banja limasungira chimanga m'nkhokwe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Banja limene likutapa m'nkhokwe kuposa zimene linakolola silioneka la njala tsiku lomwelo. Utsi umafukabe kukhitchini mpaka tsiku limene dengu lagunda pansi. N'chimodzimodzi ndi ayironi: nkhokwe imayamba yatha kaye mwakachetechete, himogulobini n'kudzatsika pambuyo pake. Pamene kamakina ka kusikelo kakusonyeza nambala yotsika, vutolo linayamba miyezi yambiri kapena zaka zapitazo.

Ayironi sagwira ntchito yekha. Pamafunikanso foliki asidi, amene ndi vitamini wopezeka m'masamba obiriwira ndi nyemba, vitamini B12 wochokera m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, vitamini A, komanso zakudya zomanga thupi. Chimodzi chikasowa, timaselo timapangika tochepa kapena tosalimba.

Chifukwa chake vutoli limagwa kwambiri pa amayi

Mwamuna wathanzi sataya magazi mwezi ndi mwezi. Mkazi, kuyambira pamene watha msinkhu mpaka atasiya kusamba, amataya magazi kumwezi, ndipo magazi alionse otuluka amapita ndi ayironi wake. N'chifukwa chake akatswiri amawerengera kuti mayi wa msinkhu wobereka amafunika mamiligalamu 18 a ayironi pa tsiku m'zakudya, pamene bambo amafunika 8 okha. Mayi amene msambo wake umapitirira sabata, kapena umatuluka ndi zibuma zikuluzikulu, amataya zochuluka kuposa pamenepa, ndipo nthawi zina chifukwa chake ndi zotupa za m'chiberekero zimene zimafuna kupimidwa.

Mimba ndiyo imatapa m'nkhokwe ndi dengu lalikulu. Magazi a mayi amawonjezekera pafupifupi ndi theka, mwana amadzipangira magazi ake ndiponso amasunga ayironi wa miyezi yake yoyambirira, nsengwa nayo imafuna wake, ndipo pobereka magazi ena amatayika. Zonse pamodzi, mimba imodzi imadya mamiligalamu pafupifupi 1,000, pamene amayi ambiri amaima ali ndi nkhokwe yosafika n'komwe theka la zimenezo. Mayi akatenganso pakati mwana asanakwanitse zaka ziwiri, amalowa m'ngongole yatsopano yakale asanabweze. Makolo athu ankaletsa kutumbiza poganizira mwana woyamwa; madokotala amaletsanso poganizira magazi a mayi, ndipo WHO imalangiza kudikira miyezi 24 mayi asanaimenso.

Mtsikana wotenga mimba akadali wamng'ono ali pa mavuto awiri, chifukwa thupi lake likukulabe ndipo likulimbirana ayironi ndi mwana amene wanyamula. Kafukufuku wa mu 2018 uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo Chigawo cha Kum'mawa chinali m'gulu la zigawo zimene chiwerengero chake chinaposa pamenepo.

Mbale ya nsima ndi zimene zili pambali pake

Kukhuta ndi kudya mokwanira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nsima imapatsa mphamvu yolimira, ndipo palibe amene angainyoze, koma ayironi wake ndi wochepa, ndipo wochepa yemweyo salowa bwino m'thupi. Akatswiri amatcha zimenezi njala yobisika: mimba yadzaza, thupi mwina lanenepa, koma magazi akusowa zopangira. Mayi wonenepa wogulitsa pa msika wa Saturday ku Chipata akhoza kukhala ndi himogulobini wotsika kuposa mnzake wochepa thupi.

Ayironi wa m'zakudya ali mitundu iwiri. Wa m'nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa m'zomera, monga nyemba, khobwe, nandolo, soya, nshawa, bonongwe, chibwabwa, khwanya, kholowa ndi chigwada, amalowa movutikira, ndipo kulowa kwake kumadalira zimene wadyera limodzi. Pali zomukokera m'kati ndi zomutsekereza. Vitamini C, wopezeka m'magwafa, malambe, masau, mango, malalanje, mandimu ndi matimati, amathandiza kwambiri ngati wadyedwa pa chakudya chomwecho. Kanyama kapena kansomba pang'ono m'ndiwo zamasamba kamathandizanso kuti ayironi wa masambawo alowe. Tiyi ndiye wotsekereza wodziwika: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amamanga ayironi m'matumbo, choncho ndi bwino kusiyanitsa ndi ola limodzi kapena awiri. Soda kapena chidulo chimene timafewetsera therere ndi masamba chimawononga mavitamini ena, makamaka ndiwozo zikakhalitsa pamoto.

Nkhani ya ufa woyera ndi mgaiwa imafuna kuimvetsa mofatsa, chifukwa si yophweka monga mmene imanenedwera. Pokonola chimanga, gaga amachoka ndi mbali yabwino ya ayironi ndi mavitamini, motero mgaiwa ndi wolemera kuposa ufa woyera. Koma m'gaga momwemo muli chinthu china chimene chimagwira ayironi n'kumuletsa kulowa. Kuviika, kumeretsa chimera ndi kusasitsa, monga mmene timachitira ndi thobwa, kumafooketsa chinthu chimenechi, ndipo n'chimodzimodzi kuviika nyemba usiku musanaphike. Mgaiwa ndi wabwino, koma paokha suthetsa vuto la magazi.

Zakudya zina zimene anthu a m'tauni amazipeputsa ndi zamtengo wapatali pa nkhaniyi. Kapenta ndi tinsomba tina timene timadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe timapereka ayironi ndi zolimbitsa mafupa. Mbewa, zimene a Kum'mawa amasekedwa nazo ndi asuweni awo Achibemba, ndi nyama yeniyeni. Inswa ndi mphalabungu nazonso ndi zomanga thupi. Akatswiri a bungwe la zakudya ndi ulimi la FAO amagwiritsa ntchito muyeso wosavuta: mwa magulu khumi a zakudya, mayi adye kuchokera m'magulu osachepera asanu pa tsiku. Nsima ya rape yothira mchere ndi timafuta, masana ndi madzulo, imangofika magulu awiri.

Apa ndi pamene umphawi umalowerera, ndipo umalowa m'njira zingapo. Chigawo cha Kum'mawa chimalima nshawa, soya ndi mpendadzuwa wambiri, koma pa banja losauka mbewu zimenezi ndi ndalama ya feteleza, yunifolomu ndi sopo, choncho zimapita kwa ogula zikangouma. Nkhuku imasungidwira alendo kapena tsiku la vuto, mazira amasiyidwa kuti aswe. Ndiwo zikachepa, mayi amapakulira bambo ndi ana, iye n'kudyera msuzi, ndipo kawirikawiri palibe amene wamulamula kutero. M'madera ena muli zikhulupiriro zoletsa woyembekezera kudya mazira kapena zakudya zina, ndipo amayi ena amadzichepetsera okha chakudya poopa kuti mwana akakula adzavuta pobereka. Kuyambira Disembala mpaka Malichi zonse zimakumana pamodzi: nkhokwe zatha, ntchito yopalira ndi maganyu yachuluka, mitengo ya zakudya yakwera, ndipo udzudzu waswana. Mayi amene miyezi yake yomaliza ya mimba yagwera m'nyengo imeneyi amagwira ntchito yolemetsa kwambiri pa nthawi imene akudya mochepa kwambiri.

Magazi amathanso ndi matenda

Kukanakhala kuti chakudya ndicho chifukwa chokha, mapiritsi a ayironi akanathetsa vutoli kalekale. Malungo amaphwanya timaselo tofiira mwachindunji, ndipo kwa woyembekezera tizilombo take timabisala mu nsengwa, moti mayi akhoza kukhala wosatentha thupi pamene magazi akutha ndipo mwana sakulandira chakudya chokwanira. Mimba yoyamba ndiyo imakhala pangozi kwambiri, ndipo m'madera otentha a m'chigwa cha Luangwa, monga Mambwe ndi mbali zina za Nyimba ndi Petauke, vutoli ndi lodziwika. Njoka zina za m'mimba, zimene zimalowera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato pa nthaka yonyowa, zimaluma matumbo n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Likodzo, lotengedwa pochapa ndi kusamba m'madamu ndi m'madambo, limatayitsa magazi m'mikodzo. Matenda okhalitsa monga HIV ndi TB amachititsa thupi kutsekera ayironi m'nkhokwe, kotero ngakhale alipo sagwiritsidwa ntchito. Palinso matenda obadwa nawo a sickle cell, amene timaselo take timapindika ngati chikwakwa n'kufa msanga; wodwala matendawa sayenera kumwa ayironi popanda dokotala kumuuza.

Chilakolako chodya dothi, chimene amayi ambiri apakati amachidziwa, kawirikawiri chimayenda limodzi ndi kusowa kwa ayironi. Dothilo silibwezeretsa magazi. Likhoza kutsekereza ayironi wa m'zakudya ndiponso kubweretsa njoka. Zakumwa zofiira za m'mabotolo nazonso siziwonjezera magazi, pakuti kufiira kwake ndi utoto chabe.

Zimene zimatsatirapo

Kutaya magazi ambiri pobereka ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amafera pa uchembere. Mayi wa himogulobini 12 akataya theka la lita amapirira, koma wa himogulobini 7 akataya muyeso womwewo mtima wake ukhoza kulephera, ndipo ngati wachirira kutali ndi zipatala zoika magazi, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, mtunda wokhawo umasanduka ngozi. Kwa mwana, kuchepa kwa magazi ndi kusadya bwino kwa mayi kumawonjezera mwayi wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu awiri ndi theka. Mwana wotere sachedwa kupinimbira, ndipo mu 2018 ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Akakhala wamkazi, amakula wamfupi ndi wochepa nkhokwe, n'kudzabereka nayenso mwana wochepa sikelo. N'chifukwa chake bungwe la boma loona za kadyedwe la National Food and Nutrition Commission limatsindika za masiku 1,000 oyambirira, kuyambira tsiku limene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri.

Palinso chotayika chimene sichilembedwa m'kaundula wa chipatala: mizere imene sinapaliridwe chifukwa mayi anakhala pansi dzuwa lisanakwere, ndi mtsikana wa sukulu amene mutu wake sugwira m'kalasi. Umphawi umachepetsa magazi, magazi ochepa nawo amachepetsa zokolola.

Njira zimene zilipo, ndi pamene akatswiri amasiyana

Ku sikelo, woyembekezera amapatsidwa zinthu zinayi zimene zimagwirira ntchito pamodzi: mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi a tsiku ndi tsiku, Fansidar woteteza ku malungo kuyambira mimba itapitirira miyezi itatu, mankhwala a njoka, ndi neti yogonamo. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Septrin samwa Fansidar, choncho ndi bwino kumuuza namwino mankhwala onse amene akumwa. WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, kuyambira m'miyezi itatu yoyambirira. Kuyamba msanga n'kofunika makamaka chifukwa cha foliki asidi, pakuti msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyamba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Mwambo wobisa mimba mpaka itaoneka uli ndi zifukwa zake, koma umadya miyezi imene mankhwala akanagwira ntchito. Magulu a m'midzi a SMAG, amene amalimbikitsa uchembere wabwino, amagwira ntchito kwambiri pa mfundo imeneyi.

Pa funso la chimene boma ndi mabungwe ayenera kuikapo ndalama zambiri, maganizo ndi osiyana. Ena amati mapiritsi ndiwo achangu ndi otsika mtengo, ndipo aziperekedwanso kwa atsikana a sukulu kamodzi pa sabata, monga mmene WHO imalangizira kumene vutoli ndi lalikulu. Otsutsa amati mankhwala amatha m'zipatala ndipo ambiri samaliza kumwa. Ena amafuna kuti ufa uziwonjezeredwa ayironi ku fakitale, monga mmene shuga wa m'Zambia wakhala akuwonjezeredwa vitamini A kuyambira mu 1998. Koma banja la kumudzi limagayitsa chimanga chake pa chigayo cha pafupi, ndipo ufa wa m'sitolo sulifika. Ena amadalira mbewu zolemera mwachibadwa, monga chimanga cha olenji cha vitamini A ndi nyemba za Mbereshi zimene zili ndi ayironi wochuluka, ngakhale kuti kupeza mbewu ndi kuzolowera nsima yosayera kumatenga nthawi. Enanso amati muzu wake ndi ndalama m'manja mwa mayi, kudzera m'thandizo la Social Cash Transfer, madimba ndi ziweto zazing'ono, komanso kusunga atsikana pa sukulu. Njira iliyonse imatseka bowo lake n'kusiya ena.

Za mapiritsi amene ambiri amasiyira panjira

Mapiritsi a ayironi ali ndi zovuta zake, ndipo kuzibisa ndiko kumachititsa amayi kuwataya. Amadetsa chimbudzi, nthawi zina amachititsa mseru kapena kudzimbidwa, ndipo amasiya kafungo ka chitsulo m'kamwa. Kuda kwa chimbudzi si matenda. Mseru umachepa ukawamwa utadya kapena pogona, ndipo ayenera kumwedwa ndi madzi, osati tiyi kapena mkaka. Sakulitsa mwana mopitirira muyeso monga ena amaopera. Ayenera kusungidwa patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Mayi amene wachita befu ali chikhalire, amene mtima ukugunda mothamanga osaleka, amene wakomoka, kapena woyembekezera amene akutaya magazi, asadikire tsiku la sikelo. Kwa ena onse, mphamvu zimayamba kubwerera pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaleka kumwa poganiza kuti achira. Chimene chakwera pa nthawiyo ndi himogulobini yekha, chifukwa thupi limayamba lakonza timaselo lisanasunge kalikonse. Kuti nkhokwe ya m'chiwindi idzazenso, madokotala amalangiza kupitiriza mapiritsi kwa miyezi pafupifupi itatu nambala itabwerera m'malo mwake, ndipo kwa amene wangobereka kumene, namwino amayezanso magazi pa sikelo ya masabata asanu ndi limodzi ngati panali vuto pa nthawi ya mimba kapena pochira.